Phiri la Nyika ndi Anthu a M'tsinde Mwake

Mtsinje wa Hewe si wotchuka. Umayambira m'zitunda za kumwera chakumadzulo kwa phiri la Nyika, n'kutsika kudutsa m'minda ya fodya ndi chimanga m'dera la Themba Katumbi, kenako n'kukamwazikira m'dambo lalikulu la Vwaza. Madzi otsala, amene dzuwa ndi bango sizinamwe, amatuluka m'dambomo kudzera mumtsinje wa Luwewe n'kulowera kumwera kukathira mu South Rukuru. Pamenepo ulendo umakhotera kum'mawa. Rukuru amapanikizika pakati pa matanthwe a pa Njakwa pafupi ndi boma la Rumphi, amatsata chigwa cha Henga, n'kukagwera m'nyanja cha ku Mlowe. Choncho mvula yogwa kuseri kwa phirili imachita kulizungulira lonse isanaone nyanja. Anthu nawonso akhala akulizungulira chomwecho kwa zaka mazanamazana, ndi makasu, minyanga, nsalu ndi mikondo, ndipo mbiri ya Hewe singamveke popanda kuyamba wadziwa mmene phirili linakhalira.

Amene anazolowera Mulanje amadabwa akafika pa Nyika. Mulanje ndi chimwala chotumphuka pakati pa chigwa, ndipo nsonga yake ya Sapitwa, ya mamita 3,002, imaonekera kutali. Nyika alibe nsonga yotero. Ndi dziko lathunthu lonyamulidwa m'mwamba. Ukakwera mapiri otsetsereka a m'mbali mwake umangopezeka uli pamtetete wa udzu waufupi, zitunda zikutsatana mpaka kumene maso alekezera. Mbali yaikulu ya pamwambapo ili pakati pa mamita 2,100 ndi 2,400 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo Nganda, pamene patalika koposa, pamafika mamita pafupifupi 2,600. Nyanja ya Malawi ili pansi pa mamita 500. Ndiye kuti munthu woima m'mphepete mwa kum'mawa, monga pa Kasaramba, amayang'ana phompho lotsika makilomita pafupifupi 2.

Miyala ya m'kati mwa phirili ndi yakale kwambiri. Akatswiri a miyala amati ina ili ndi zaka pafupifupi 2 biliyoni. Inakhala ikukokoloka mpaka pamwamba pake panasalala, ndipo pamene nthaka ya kum'mawa kwa Africa inang'ambika n'kutsegula chigwa chimene muli nyanja yathu, chigawo ichi chinatsala m'mwamba pomwe cha pambali pake chinamira. N'chifukwa chake pamwamba pa Nyika pali posalala pomwe m'mbali mwake muli zigwembe zozama zimene mitsinje ikukumbabe mpaka lero.

Kutalika kumeneku ndiko kumagawa mvula. Mphepo yochokera kunyanja imanyamula chinyontho, ikagunda khoma la kum'mawa imakakamizika kukwera, imazizira, n'kukhuthula mvula ndi nkhungu ku Livingstonia, ku Phoka ndi ku Nchenachena. Kumeneko n'kumene kuli nkhalango zobiriwira chaka chonse ndi minda ya khofi. Pofika kumadzulo, ku Hewe ndi ku Nkhamanga, mphepo ija imakhala itafinyidwa kale. Mvula yakuno ndi yocheperapo, chilimwe chake n'chachitali, ndipo mitengo yake ndi ya miombo yoyoyola masamba. Mlimi wa ku Hewe amalandira mvula yochepa kumwamba koma amabwezeredwa ndi mitsinje. Pamwamba pa phiri, m'makwawa onse, muli madambo a dothi lakuda amene amamwa madzi ngati chinkhupule m'dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono mpaka mu Okutobala. M'madambo amenewa ndimo mumabadwira North Rukuru wolowera ku Karonga, amene amagwa pa mathithi a Chisanga; Wovwe amene amapukusa makina a magetsi; North Rumphi, Chelinda ndi Runyina; ndi timitsinje tina totsikira ku Luangwa m'dziko la Zambia. Mipopi ya madzi ongotsika okha imene imafika m'midzi ya m'tsinde imamwa m'chitsime chomwechi.

Pamwambapo pamazizira zenizeni. Mu Juni ndi Julayi chisanu chimagwa usiku mpaka udzu kuyera mbuu, ndipo nyama zina, monga ntchefu, mbidzi ndi chilembwe, zimatsikira m'nkhalango za m'munsi kukadikira kuti kufunde. Mfundo imeneyi ioneka yaing'ono pano, koma ndi imodzi mwa zimene zinadzasamutsa anthu mu 1978.

Kwa nthawi yaitali akuluakulu a zankhalango a boma la atsamunda ankakhulupirira kuti Nyika yense anali nkhalango kale, ndipo kuti anthu akuda ndiwo anaitha ndi moto mpaka kutsala timagulu ta mitengo tobisala m'makwawa. Maganizo amenewa anali ndi mphamvu chifukwa ankapereka chifukwa chothamangitsira anthu. M'zaka za m'ma 1980, katswiri wina dzina lake Michael Meadows anakumba dothi la m'madambo a pa Nyika n'kuyeza mungu wa zomera umene unakwiririka m'menemo. Anapeza kuti udzu wakhala ukulamulira pamwambapo kwa zaka pafupifupi 12,000. Moto wa anthu unadyako m'mbali mwa nkhalango zina, zimenezo n'zoona, koma mtetete wa Nyika suli bwinja la nkhalango yophedwa. Ndi mmene dzikolo lilili, ndipo maluwa ake a mtundu wa orchid, oposa mitundu 200, amafuna udzu womwewo kuti aphuke mvula ikayamba.

Anthu anafika msanga. Kum'mwera kwa phirili kuli chimwala chotchedwa Fingira, chokhala ndi phanga m'mbali mwake. Ofufuza zakale anakumbamo m'zaka za m'ma 1960 n'kupeza zida zamiyala, mikanda ya zigoba, mafupa a nyama ndi mafupa a anthu, ndipo pakhoma pali zojambula. Mu 2017 asayansi anafalitsa zotsatira za kuyeza DNA ya ena mwa mafupawo: ena anali a zaka pafupifupi 6,100, ena a zaka pafupifupi 2,500. Anali alenje ndi otola zipatso, a gulu limene makolo athu amalikumbuka ndi dzina loti Akafula, ndipo magazi awo sapezeka kwenikweni mwa Amalawi a lero. Phanga limodzi linakhalamo anthu a mtundu umodzi kwa zaka zoposa 3,000. Palibe ufumu uliwonse m'dziko muno umene ungayandikire msinkhu umenewo, koma ana asukulu ambiri a ku Rumphi amamaliza Folomu 4 osalimva dzina la Fingira.

Pambuyo pawo panabwera alimi odziwa chitsulo. M'mapiri a Nyika mukadali ng'anjo zadothi zimene ankasungunuliramo miyala, zina zikadali chiimire pakati pa tchire, ndi milu ya zotsalira zake zakuda. Aphoka, amene ankakhala m'zigwembe za kum'mawa ndi kum'mwera, anatchuka ndi ntchito imeneyi. Phiri linkawapatsa zonse zitatu zofunika: miyala ya chitsulo, mitengo ya makala ndi dongo. Makasu awo ankatsikira m'zigwa n'kukasinthanitsidwa ndi zakudya ndi ziweto. Ankalimanso m'malo otsetsereka moti mlendo sangaimepo bwinobwino, pokonza timizere ndi ngalande zopatutsa madzi m'mitsinje.

Phirili linalinso malo a mizimu. Pamwamba pa phirili, cha kumadzulo kwa malo otchedwa Chelinda, kuli kanyanja kachilengedwe kotchedwa Kaulime, kamene anthu ankakaopa ndi kukalemekeza; ankati muli njoka yaikulu, ndipo ankaponyamo nsembe popempha mvula. M'chigwa cha Nkhamanga munali chipembedzo cha Chikang'ombe, mzimu woyenda ndi mphepo umene unkakhala paphiri la dzina lomwelo. Si zodabwitsa kuti anthu a mbali youma ya phiri ankayang'ana kumtunda akafuna mvula. Ankaona ndi maso awo kumene mitambo imasonkhana ndi kumene mitsinje imachokera.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 kunafika alendo ochokera kutsidya la kum'mawa kwa nyanja, amene mbiri ya Atumbuka imawatchula kuti Balowoka. Anali amalonda ofuna minyanga ya njovu, ndipo anabwera ndi nsalu, mikanda ndi makasu. Sanalande dziko ndi nkhondo. Anakwatira m'mabanja a eni nthaka, anapereka mphatso kwa akuluakulu a mafuko, n'kukhazikika pamalo amene njira zamalonda zinkadutsa. Mtsogoleri wawo, Mlowoka, anakhala ku Nkhamanga, ndipo kwa iye ndiko kunachokera ufumu wa Chikulamayembe wa banja la Gondwe, umene likulu lake lili ku Bolero. Katumbi, wa banja la Chawinga, anakhazikika ku Hewe.

Munthu akayang'ana mapu amaona nzeru ya kusankha kumeneko. Hewe ndi mpata. Kumpoto chakum'mawa kuli khoma la Nyika, limene wonyamula minyanga sangafune kulikwera. Kumwera kuli dambo la Vwaza, kumene njovu zinkasonkhana chilimwe chifukwa madzi saphwa. Kumadzulo, ukangodutsa zitunda zochepa, dziko limatsikira kuchigwa cha Luangwa, kumene kunali njovu zochuluka koposa. Aliyense wotenga minyanga ku Luangwa kupita nayo kudoko la kunyanja ankayenera kuzungulira phiri, ndipo njira yosavuta inkadzera kwa Katumbi ndi kwa Chikulamayembe. Ufumu wa ku Hewe unakula pamphambano imeneyi. Mpaka lero anthu akumeneko amachita mwambo wa Mulindafwa pokumbukira Katumbi woyamba, monga a ku Bolero amachitira Gonapamuhanya. Miyambo iwiriyi ndi ya pachibale, koma munthu wa ku Hewe sakonda kuti mbiri yake izinenedwa ngati nthambi chabe ya mbiri ya ku Nkhamanga, ndipo ali ndi chifukwa chomveka.

Malonda amene anamanga maufumuwa anali okhazikika pa ubale ndi mphatso, osati pa asilikali, choncho sanathe kulimba pamene Angoni anafika. Anthu a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835, anadutsa dziko la Atumbuka kupita kumpoto, ndipo mfumuyo itamwalira ku Ufipa, gulu lotsogozedwa ndi M'mbelwa linabwerera n'kukhazikika m'chigwa cha Henga cha m'ma 1855. Ufumu wa Chikulamayembe unasweka. Anthu ambiri anatengedwa kukakhala pansi pa Angoni, ena anathawira ku Karonga, ndipo ena anakwera phiri. Apa Nyika anasanduka linga. M'zigwembe zake anthu anamanga timidzi tobisika, nyumba zina zokumbira m'mbali mwa phiri, kumene gulu lankhondo silikanafika osaonedwa. Moyo wake unali wowawa, wa chisanu ndi njala, koma unali moyo. Amene anayesa kulimbana ndi Angoni poyera, monga anthu a Baza Dokowe pa phiri la Hora cha m'ma 1880, anaphedwa ambirimbiri. Pali mabanja ku Rumphi lero amene alipo chifukwa agogo awo anadziwa njira za m'mapiri a Nyika.

Azungu anafika pamene nyengo imeneyi inkatha. Richard Crawshay, msilikali ndi mlenje amene mbidzi za pa Nyika zinapatsidwa dzina lake m'mabuku a sayansi, anayenda paphiripo m'zaka za m'ma 1890. Mu 1894 Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia pa Khondowe, pashelefu ya kum'mawa kwa phiri, pothawa malungo a m'mphepete mwa nyanja. Sukulu imeneyo inasula aphunzitsi ndi alembi amene anafalikira mpaka ku Northern Rhodesia ndi ku Joni, ndipo ena mwa iwo, monga Saulos Nyirenda, ndiwo analemba mbiri ya Balowoka ndi kulimbikitsa kuti ufumu wa Chikulamayembe ubwezeretsedwe, zimene zinachitika mu 1907 pamene Chilongozi Gondwe analongedwa.

Chimene atsamunda anachita ku Hewe chinali cha phee koma chokhalitsa. Polemba malire a Nyasaland ndi dziko la kumadzulo kwake, anatsata mzere wogawa madzi: mtsinje wothira m'nyanja ya Malawi ndi wa kuno, wothira mu Luangwa ndi wa uko. Pamapu zinaoneka zaudongo. Pansi, mzerewo unadutsa pakati pa anthu a chilankhulo chimodzi, okwatirana ndi oikana maliro, a ku Hewe ndi a ku Muyombe. Mpata umene unali pakati pa njira yamalonda unasanduka kumapeto kwa dziko. Mzere womwewo ndiwo unasiyira Zambia kachigawo kakang'ono ka Nyika, ka masikweya kilomita pafupifupi 80, ndipo msewu wochokera pachipata cha Thazima kupita ku Chelinda umayenda m'malire momwemo, pena kuno pena uko.

Boma la atsamunda silinadziwe chochita ndi phirili. Mu 1948 linateteza kankhalango ka mitengo ya juniper, yofanana ndi mkungudza wa ku Mulanje, kamene kali kum'mwera chakum'mawa. Mu 1949 bungwe la Colonial Development Corporation linatuma Laurens van der Post kuti akaone ngati pamwambapo pangachitike ulimi, ndipo ulendowo unabala buku lake la Venture to the Interior, limene linadziwitsa Nyika kwa owerenga a ku Ulaya ngati dziko lokongola lopanda anthu. M'zaka za m'ma 1950 bungwe lomweli linabzala paini pa Chelinda poyesa ngati pangakhale munda waukulu wa mitengo. Mitengo inakula bwino, koma mtunda ndi kuipa kwa msewu zinagonjetsa ntchitoyo, ndipo minda yaikulu ya paini inakakula ku Chikangawa pa Viphya. Paini wa pa Chelinda anatsala, ndipo mbewu zake zouluka ndi mphepo zikumera m'udzu umene unakhala zaka zikwi zambiri wopanda mtengo wotero. Oyang'anira paki akulimbana nazo mpaka pano.

Mu 1965, chaka chimodzi chitadutsa chilandirire ufulu, pamwamba pa Nyika panakhala paki yoyamba ya dziko la Malawi. Poyamba inali yosakwana masikweya kilomita 1,000, ndipo inatenga mtetete wozizira umene anthu sankakhalapo ambiri. Mu 1977 boma linakhazikitsa malo osungira nyama a Vwaza Marsh, a masikweya kilomita pafupifupi 1,000. Mu 1978 linakuza paki ya Nyika kufika pa masikweya kilomita oposa 3,000, potenga mapiri otsetsereka ndi nkhalango za m'munsi. Zifukwa zinali ziwiri: kuteteza magwero a mitsinje, ndi kuphatikiza malo amene nyama zimatsikirako nyengo yachisanu. Koma m'munsimo ndimo munali midzi. Anthu masauzande anauzidwa kuti achoke.

Ine sinditsutsa chifukwa choyambacho. Aliyense amene waona mmene mitsinje yaphwera m'maboma amene mapiri ake anametedwa mpala angavomereze kuti Runyina ndi Rukuru akuyendabe chilimwe chifukwa kumtunda kwake sikunalimidwe. Chimene sindingachivomereze ndi mmene zinachitikira, ndiponso mmene zakhala zikusimbidwira. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene kufunsa funso kunali mlandu. Anthu anasiya manda a makolo awo, mitengo ya zipatso imene anabzala, malo a nsembe, ming'oma ya njuchi ndi ngalande zimene agogo awo anakumba. Anakapanikizana m'midzi ya eni ake m'tsinde mwa phiri, pa nthaka imene inali kale ndi olima. Kenako timabuku tokopa alendo tinayamba kunena za Nyika ngati chipululu chimene munthu sanachikhudzepo, pomwe ng'anjo zili chiimire m'tchire ndipo amene anabadwira m'katimo akadali moyo kunja kwa chipata. Mdzukulu wa wosula makasu akalowa kukaona manda a agogo ake popanda chilolezo, lamulo limamuona ngati wolowerera.

Hewe ndiye anapanikizika koposa. Kumpoto chakum'mawa kuli paki, kumwera kuli Vwaza, kumadzulo kuli malire. Anthu akuchuluka koma dziko silingakule mbali iliyonse. Fodya wa bale, amene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima kuyambira m'zaka za m'ma 1990, anabweretsa ndalama pa Katowo, malo a malonda a ku Hewe, ndi malata pa nyumba zambiri, koma zigafa zimadya mitengo chaka ndi chaka, ndipo mitengo yotsala ili kuseri kwa malire a paki. Njovu zotuluka ku Vwaza zimatha munda wa chimanga usiku umodzi. Kashembe wa m'nkhalango yomweyo amafalitsa matenda a kaodzera, ndipo Rumphi ndi limodzi mwa maboma ochepa m'dziko muno kumene chipatala chimalandirabe odwala matendawa. Phiri nalonso likulandira mabala ake: misampha ya waya, moto wolusa wa mu Seputembala, ndi kukumba chinaka, timizu ta maluwa a orchid timene timagulidwa kwambiri ku Zambia. Wokumba chinaka amadziwa kuti akuphwanya lamulo. Amadziwanso kuti amayi ake ankakumba pamalo omwewo lamulolo lisanabwere, ngakhale kuti iwo ankakumba zodya pakhomo, osati zodzaza matumba a malonda.

Kuyambira pamene ndale za zipani zambiri zinabwera, boma lakhala likuyesa kubweza kanthu. Midzi yozungulira inapanga bungwe la Nyika-Vwaza Association, limene limalandira gawo la ndalama zolowera m'paki, ndipo anthu amaloledwa, mwa chilolezo, kupachika ming'oma ya njuchi, kumweta udzu ndi kutola zina za m'tchire. Malawi ndi Zambia anagwirizana mu 2004 zosamalira limodzi malo a m'malirewa, ndipo anasainira pangano lenileni mu 2015. Mu 2017 njovu 34 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kupita ku Nyika. Mu 2023 boma linasainirana ndi bungwe la Peace Parks Foundation pangano la zaka 20 loyendetsera limodzi Nyika ndi Vwaza. Mpanda wamagetsi wamangidwa m'mbali zina za Vwaza kuti njovu zisamalowe m'minda.

Zonsezi ndi zabwino, koma gawo la ndalama zolowera limakula ndi chiwerengero cha alendo, ndipo alendo a pa Nyika ndi ochepa. Kuchokera pa boma la Rumphi kukafika ku Chelinda ndi makilomita oposa 100, ambiri mwa iwo a fumbi chilimwe ndi matope dzinja. Msewu wa Rumphi, Nyika mpaka Chitipa wakhala ukulonjezedwa pamisonkhano ya ndale kwa zaka zambiri, ndipo phula lake lakhala likuyenda pang'onopang'ono. Ndi vuto lomwe lija linagonjetsa paini wa atsamunda m'zaka za m'ma 1950. Lero limagwera mlimi wa ku Hewe amene amalipira mtengo wokwera kuti mabelo ake akafike kumsika wa fodya ku Mzuzu, ndi mayi woyembekezera amene achipatala cha pa Katowo amutumiza ku Rumphi mu Febuluwale, mitsinje yotsika m'phiri itadzaza.